Zomwe Zinandichitikira Polumikiza Kamera Yojambulira Zakuthambo ku Laputopu

Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Mangochi, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndi telesikopu yaing'ono yomwe kukamwa kwake ndi mamilimita 130 ndipo kutalika kwa fokasi yake, mtunda womwe kuwala kumayenda kuchokera pa galasi lake mpaka pomwe chithunzi chimapangika, ndi mamilimita 650. Vuto lomwe ndinkakumana nalo ndikaitana ana kudzaona mwezi kapena Jupiter linali la mzere. Poonera pake m'pamodzi, ana ndi ambiri, ndipo popeza dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, chinthu chomwe waloza chimatuluka m'maso mwa telesikopu pakangopita mphindi zochepa, mwakuti ana akumapeto kwa mzere ankapeza mdima wokhawokha. Ndinaganiza zopeza kamera yolowa pamalo pa kagalasi koonera, kuti chithunzi chizioneka pa sikirini ya laputopu ndipo onse aziona nthawi imodzi. Chomwe chinandifulumizitsa chinali kadamsana wa mwezi wa pa 7 Sepitembala 2025, yemwe zinali zitadziwika kale kuti adzaoneka bwino mbali ino ya Africa.

Kamera yotere sindinaipeze m'masitolo onse omwe ndinafunsa, choncho ndinapempha alamu anga omwe amagwira ntchito ku Johannesburg kuti andifufuzire. Anapeza yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo kuphatikiza mtengo wake ndi ndalama ya onyamula katundu, zonse zinaposa malipiro anga a mwezi wathunthu. Inafika mwezi wa Juni itakulungidwa m'zovala, yopanda bokosi, yopanda chingwe komanso yopanda kabuku ka malangizo. Ndi kachitsulo kobulungira kokwana m'dzanja, kopanda batani ngakhale limodzi, kopandanso kanyali kosonyeza kuti kayaka. Kutsogolo kuli kapaipi kolowa mu telesikopu, ndipo ukachotsa chivindikiro umaona kagalasi kakang'ono konyezimira mkati, komwe ndi sensa yake yolandira kuwala n'kupanga chithunzi, ya Sony yotchedwa IMX224. M'mbali mwake muli mabowo awiri. Lina ndi la USB, ndipo linalo limafanana ndi la foni zakale za m'nyumba. Lachiwirili ndi la ST4, lolumikizira kamera ku miyendo ya telesikopu yokhala ndi injini yotsata nyenyezi, ndipo silikhudzana ndi laputopu m'pang'ono pomwe. Aliyense wogula kamera ya kaunjika ngati mmene ndinachitira ine aumirire kuti chingwe chake chenicheni chibwere nayo limodzi, chifukwa mavuto ambiri omwe ndikufotokoza pano anayambira pa chingwe chomwe chinatsala ku Johannesburg.

Usiku woyamba ndinatenga chingwe cha pulinta ya kunyumba, ndipo chinalowa bwinobwino m'munsi mwa bowo la USB ngakhale pamwamba pake panatsala mpata. Laputopu inalira kamawu kosonyeza kuti yalandira chipangizo chatsopano. Ndinatsegula pulogalamu ya Camera yomwe imabwera ndi Windows, koma chomwe chinaoneka chinali nkhope yanga yojambulidwa ndi kamera ya pamwamba pa sikirini. Ndinazula, ndinalowetsanso, ndinasintha bowo, koma zinali chimodzimodzi. Mtima unandigunda kwambiri, chifukwa kamerayo inalibe chitsimikizo chilichonse cha wogulitsa, ndipo ndalama zake tinali titazichotsa pa zomwe tinkasungira malata. Ndinawaimbira alamu anga usiku womwewo, ndipo anandiyankha kuti: “Alamu, kameratu ndinaiona ikugwira ntchito ndi maso angawa mwini wake asanandipatse. Musataye mtima, fufuzani kumbali ya kompyuta yanuyo.”

Ankanena zoona. Kamera zojambulira zakuthambo sizigwira ntchito ngati makamera olankhulirana pa intaneti, omwe Windows imawazindikira yokha. Zimafuna kapulogalamu kake kotchedwa driver, kochokera kwa kampani yomwe inapanga kamerayo, ndipo popanda iko kompyuta imangodziwa kuti palowa chinthu koma siidziwa kulankhula nacho. Malo oyamba kuyang'ana ndi Device Manager, malo a mu Windows osonyeza zipangizo zonse za kompyuta, omwe amapezeka ukadina batani la Windows pamodzi ndi X. Nditatsegula, ndinapeza dzina la kamera yanga pansi pa mutu wa Other devices, pambali pake pali kachizindikiro kachikasu, ndipo nditadinapo panatuluka Code 28, yomwe imatanthauza kuti driver sanaikidwe. Umenewu unali uthenga wabwino ngakhale nthawi imeneyo sindinauone choncho, chifukwa kamera yakufa singatchule dzina lake. Ndinakopera driver pa tsamba la kampani yopanga kamerayo, osati pa masamba ena omwe amalonjeza madriver aulere a chipangizo chilichonse, ndinazula kamera kaye, ndinaika driver, ndinazimitsa ndi kuyatsanso laputopu, kenako ndinalumikiza. Dzina lija linasamukira pansi pa Imaging devices ndipo chikasu chija chinachoka. Amene mumalumikiza laputopu ku intaneti kudzera pa foni, musanayambe kukopera tsegulani Metered connection pa netiweki imeneyo, chifukwa laputopu yomwe yakhala nthawi yaitali osalowa pa intaneti imayamba kudzikonza yokha ndipo bandulo imatha driver asanafike. Ine inandithera choncho ndipo ndinagulanso ina.

Pulogalamu yojambulira yomwe ndinasankha ndi SharpCap, ngakhale palinso FireCapture yomwe anthu ojambula mapulaneti amaikonda. Pa mndandanda wa Cameras panaoneka mayina awiri, la kamera ya laputopu ndi la yanga ija. Nditasankha yanga, sikirini inadzaza ndi mtundu wotuwa wopanda chithunzi chilichonse, ndipo nkhawa inabwereranso. Koma kamera yopanda lenzi singaonetse chithunzi, imangomva kuchuluka kwa kuwala. Ndinaphimba kukamwa kwake ndi chikhatho ndipo sikirini inada, ndinawalitsapo tochi ya foni ndipo inayera mbuu. Ndinawaitana akazi anga kuti adzaone, ndipo ngakhale panalibe chooneka chenicheni, tonse tinasangalala chifukwa zinatsimikizika kuti ndalama ija sinapite pachabe. Mudzawerenganso za ASCOM Platform, yomwe imathandiza mapulogalamu osiyanasiyana kulankhula ndi makamera ndi zida zina za telesikopu. Ndi yofunika kwa amene akugwiritsa ntchito mapulogalamu omwe amadalira iyo, koma SharpCap imalankhula mwachindunji ndi makamera ambiri otchuka, choncho woyamba kumene asadzichulukitsire ntchito poika zinthu zambiri tsiku limodzi.

Mavuto enieni anayamba nditatulutsa zida panja. Ndinkafuna kuti laputopu ikhale pakhonde pomwe pali soketi ya magetsi, telesikopu ikhale pabwalo kutali ndi mtengo wa mango, choncho ndinagula chingwe chowonjezera cha mamita asanu pamsika wa paboma n'kuchilumikiza ku chingwe cha pulinta chija. Kamera inkaoneka, chithunzi chinkabwera kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako chinkauma, laputopu n'kulira kamawu kosonyeza kuti chipangizo chazulidwa. Nthawi zina inkabwerera yokha, nthawi zina ayi. Mu Device Manager dzina la kamera linkasowa ndipo m'malo mwake munkalembedwa Unknown USB Device, ndi mawu ena akuti Device Descriptor Request Failed, komanso Code 43. Imeneyi inali nyengo yabwino kwambiri yoonera kumwamba pa chaka chonse. Mwezi wa Juni ndi Julaye mphepo ya mwera ikamawomba, utsi wa moto wa kutchire usanachuluke, Mlalang'amba umaoneka woyera kuchokera kum'mwera mpaka kumpoto, ndipo nyenyezi zinayi za mtanda wa kum'mwera zimakhala pamwamba madzulo. Masiku ambiri otere ndinawathera nditawerama pa sikirini, msana ukuwawa, kumwamba osayang'anako n'komwe.

Pa nthawi imeneyo ndinkasintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Ndinkachotsa driver n'kumuikanso, ndinkasamutsa chingwe ku bowo lina, ndinkatsitsa SharpCap ina, zonsezi usiku umodzi, ndipo kamera ikagwira ntchito kwa kanthawi sindinkadziwa chomwe chathandiza, ikafanso sindinkadziwa chomwe chalakwika. Nditatopa ndinanyamula laputopu kupita kwa mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni. Anaiyang'ana n'kunena kuti: “Aphunzitsi, kompyutayi yalema ndi mapulogalamu, m'pofunika tiifomate ndipo tiike Windows yatsopano.” Ndinamufunsa kuti: “Achimwene, kodi mukutsimikiza kuti zikatero kamerayi isiya kuduka?” Anayankha moona mtima kuti kamera ya mtundu umenewu anali asanaionepo, koma kuti kufomata kumachiritsa mavuto ambiri a USB. Ndinavomera, ndinalipira, ndinakhala pafupifupi sabata yathunthu wopanda laputopu, ndipo itabwera ndinathera masiku ena ndi mabandulo ena kubwezeretsa mapulogalamu a kuntchito. Usiku woyamba kuyesa, kamera inaduka monga kale. Sindimudandaula mnyamatayo, chifukwa ndinapita kwa iye ndi laputopu ndi kamera koma chingwe chowonjezera chija ndinachisiya kunyumba, ndipo iye sakanatha kuganizira chinthu chomwe sanachione. Wopita kwa amisiri anyamule zonse zomwe amagwiritsa ntchito vuto likamachitika, mpaka kachingwe komwe akukaona ngati kosafunika.

Zinthu zinasintha tsiku lina Loweruka masana, pamene ndinaganiza zochita zomwe ndimawauza ophunzira anga m'chipinda choyesera zasayansi, kuti posintha usinthe chinthu chimodzi, zina zonse zikhale momwe zinalili, ndipo ulembe chomwe chachitika. Ndinatenga kope, ndinaika zonse patebulo la m'nyumba kukuwala, ndipo ndinayamba ndi njira yaifupi kwambiri, kamera ndi chingwe cha pulinta chokha kulowa mu laputopu. Inayenda kupitirira ola osaduka. Ndinawonjezera chingwe cha pamsika chija popanda kukhudza china chilichonse, ndipo pasanathe mphindi zisanu chithunzi chinauma. Ndinachichotsa, kamera inabwerera. Ndinachibwezeretsa n'kugwedeza pang'ono pamalo olumikizira zingwe ziwirizo, ndipo kamawu kozula kaja kanalira nthawi yomweyo. Zomwe ndinalephera kupeza usiku wambiri mumdima zinaonekera masana amodzi, ndipo ndinamva kupepukidwa pamodzi ndi chisoni poganizira ndalama ya kufomata.

Chifukwa chake ndi ichi. Kamera yaing'ono ngati yanga ilibe batire kapena chingwe cha magetsi chapadera, imadya magetsi a mavoliti 5 ochokera m'bowo la USB, ndipo chithunzi chimadutsa m'chingwe chomwecho. Bowo la USB 2.0 limapereka mamiliampu 500, pomwe la USB 3.0 limapereka 900. Chingwe chikatalika ndiponso waya wake wamkati akakhala woonda, mphamvu imafika kumapeto itachepa, monga momwe madzi amafikira mofooka kumapeto kwa paipi yaitali yopyapyala, ndipo kamera ikangoyamba kutumiza zithunzi zambiri imakomoka. Malire a chingwe cha USB 2.0 ndi mamita asanu, ndipo cha USB 3.0 sichidalirika chikapitirira pafupifupi mamita atatu, pomwe ine ndinali nditalumikiza ziwiri zoposa mamita sikisi pamodzi. Palinso nkhani ya liwiro, chifukwa USB 2.0 imanyamula mamegabiti 480 pa sekondi, pomwe USB 3.0 imafika magigabiti 5. Chingwe cha pulinta chimalowa m'bowo la kamera ya USB 3.0 ndipo chimagwira ntchito, koma pa liwiro lotsikalo, ndipo mpata wotsala pamwamba uja ndi malo a mawaya owonjezera omwe chingwecho chilibe.

Chinthu china chomwe ndinaphunzira n'chakuti mtundu wa buluu m'kamwa mwa chingwe si umboni wokwanira. Chingwe cha pamsika chija chinali ndi pulasitiki wabuluu, ndipo n'chifukwa chake ndinachikhulupirira. Nditawalitsa tochi mkati mwake ndinangoona timizere tinayi tachitsulo. Chingwe chenicheni cha USB 3.0 chili ndi tisanu ndi tinayi, tinayi kutsogolo ndi tina tisanu tobisika mkati, ndipo nthawi zambiri pamutu pake pamadindidwa zilembo za SS. Muziyang'ananso mabowo a laputopu, chifukwa pa yanga awiri a kumanja ndi a USB 2.0 ndipo la USB 3.0 ndi limodzi lokha kumanzere.

Chingwe choyenera, cha USB 3.0 chokhala ndi mutu wa A mbali imodzi ndi mutu wa B wautali mbali inayo, sindinachipeze kuno. Ndinakwera minibasi kupita ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi Zomba, kamera ili m'thumba, ndipo ndinayenda masitolo angapo omwe ankanditulutsira zingwe za pulinta ndisanachipeze cha mamita awiri. Ndinachiyesa m'sitolo momwemo ndisanalipire. Ndalama ya ulendo ndi chakudya inaposa mtengo wa chingwecho kangapo, ndipo tsiku lonse linathera panjira. Ndikanadziwa, ndikanajambula bowo la kamera ndi foni n'kutumiza chithunzicho pa WhatsApp kwa mnzanga wokhala kumeneko kuti agule n'kupatsira minibasi. Nditabwerera ndinasiya maganizo oti laputopu ikhale pakhonde, ndipo ndinaiika pa katebulo pafupi ndi telesikopu. Amene sangachitire mwina koma kutalikitsa afunefune chingwe chowonjezera chokhala ndi kachipangizo kolimbitsa uthenga mkati mwake, kapena hub, kabokosi kochulukitsa mabowo a USB, yokhala ndi magetsi akeake.

Kusamutsa laputopu kunabweretsa vuto lina, chifukwa tsopano inkayendera batire. Kamera inkayenda bwino kwa nthawi ndithu, koma ndikaisiya pang'ono kuti ndiloze telesikopu, pobwera ndinkapeza yaduka. Ulendo uno sindinachite mantha, ndinabwerera ku kope lija ndipo ndinaona kuti m'nyumba, chaja chili m'soketi, izi sizinkachitika. Windows ikakhala pa batire imagoneka mabowo a USB pofuna kusunga magetsi. Pali malo awiri osinthira zimenezi. Oyamba ndi mu Power Options, pa Change advanced power settings, pomwe pansi pa USB settings pali USB selective suspend setting, ndipo apa pamafunika kusankha Disabled pa batire komanso pa magetsi. Achiwiri ndi mu Device Manager momwemo, pansi pa Universal Serial Bus controllers, pomwe USB Root Hub iliyonse ili ndi tsamba la Power Management lokhala ndi kabokosi kolola kompyuta kuzimitsa chipangizocho, ndipo chizindikiro cha m'kabokosiko chimafunika kuchotsedwa. Ndinaletsanso laputopu kugona yokha. Zikatere batire imatha msanga, choncho ndimachepetsa kuwala kwa sikirini, zomwe zimathandizanso maso mumdima, ndipo ndimazimitsa Wi-Fi. Tsiku lina magetsi atathima ndinayesa kutchaja kudzera pa inveta yaing'ono ya sola, ndipo pa chithunzi panayamba kuyenda mizere yopingasa yomwe inatha nditangozula chaja. Kuyambira pamenepo ndimadzaza batire masana ndipo pojambula ndimadalira batire yokha.

Panalinso tinthu tiwiri tomwe tinanditayitsa nthawi. Kamera imalola pulogalamu imodzi yokha kuigwiritsa ntchito pa nthawi imodzi, choncho ngati FireCapture yatsegulidwa, kapena yatsekedwa koma yatsalira mkati, SharpCap imakana kuilumikiza. Njira yake ndi kutsegula Task Manager, yomwe imasonyeza mapulogalamu onse omwe akuyenda, n'kutseka yotsalirayo. Kachiwiri, nditayamba kusunga mavidiyo, m'munsi mwa sikirini munkaoneka nambala ya zithunzi zotayika ikukwera, ndipo ndinaganiza kuti chingwe chayambanso. Vuto linali liwiro la disiki. Chithunzi chimodzi cha kamerayi chili ndi timadontho 1304 m'litali ndi 976 m'lifupi, zomwe ndi pafupifupi mamegabaiti 1.3, ndipo ikamajambula zithunzi 100 pa sekondi imatulutsa magigabaiti opitirira 7 pa mphindi imodzi. Disiki yakale yozungulira ya mu laputopu yanga singameze zimenezo. Ndinachepetsa dera lojambula kufika pa 640 ndi 480, lomwe limakwanira pulaneti, ndinatsitsanso liwiro la USB m'zosankha za kamera mu SharpCap, ndipo kutayika kwa zithunzi kunachepa kwambiri.

Chotsiriza chomwe chimapusitsa munthu n'chakuti kamera ikhoza kulumikizika bwinobwino koma sikirini n'kukhalabe yakuda ukaiika mu telesikopu. Apa chingwe ndi driver zilibe mlandu. Mwina nthawi yolola kuwala kulowa, yomwe pa pulogalamu imalembedwa Exposure, yafupika kwambiri, mwina fokasi ili kutali mwakuti nyenyezi yamwazika n'kusungunuka mumdima, kapena telesikopu yaloza pambali pa chinthucho. Sensa ya kamerayi ndi yaing'ono, pafupifupi mamilimita 4.8 ndi 3.6, ndipo pa telesikopu yanga imaona kachigawo ka thambo kosakwana theka la digiri, mwakuti pulaneti imadutsa kuchokera mbali imodzi ya sikirini kufika inayo pasanathe mphindi ziwiri. Ndinayeserera madzulo kusanade, nditaloza nsanja ya netiweki yomwe ili kutsidya kwa mtsinje wa Shire, ndipo ndinapotoza fokasi pang'onopang'ono mpaka zitsulo zake zinaoneka. Ndinaika chizindikiro cha pensulo pa kapaipi ka fokasi, ndiponso ndinawongola kagalasi kolozera ka pamwamba kuti kagwirizane ndi pakati pa sikirini. Poyeserera masana, telesikopu isaloze dzuwa kapena kufupi nalo ngakhale kwa kamphindi, chifukwa limawotcha sensa nthawi yomweyo ndipo limachititsa khungu munthu woyang'anamo. Ana akakhala pafupi, musachoke n'kuisiya yokha.

Zonsezi zinanditengera kuyambira Juni mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Lamulungu pa 7 Sepitembala ndinakonza zida dzuwa lisanalowe, batire itadzaza, ndipo ana a m'dera lathu, ophunzira anga okhala pafupi ndi makolo ena anasonkhana pabwalo. Mwezi unatuluka pamwamba pa mapiri a kum'mawa, ndipo chakuma 6:30 mthunzi wa dziko unayamba kuudya m'mphepete. Monga ndinali nditawerengera kale, mwezi wonse sunakwane pa sikirini, popeza m'lifupi mwake ndi pafupifupi theka la digiri, choncho ndinkasuntha telesikopu kutsatira malire a mthunzi pamene ankadutsa pa zigwa ndi maenje. Ana anaona zimenezi onse pamodzi popanda mzere, ndipo mafunso awo anali ambiri kuposa omwe ndimalandira m'kalasi. Kuyambira 7:30 mpaka chakuma 8:50 mwezi wonse unali mumthunzi ndipo unafiira, ndipo pamenepo sikirini inada. Ena anaganiza kuti kamera yafa, koma ndinadziwa kuti ndi kuchepa kwa kuwala. Mwezi wowala umangofuna kachigawo kakang'ono kwambiri ka sekondi, pomwe wofiirawo unafuna pafupifupi sekondi yathunthu komanso kukweza Gain, yomwe imawalitsa chithunzi, ndipo nditatero unaonekanso.

Kamera inaduka kamodzi usiku umenewo, pamene kamnyamata kena kanakola chingwe ndi phazi pofuna kuyandikira. Bambo wina wachikulire anati: “Aphunzitsi, basi zatha?” Ndinawayankha kuti: “Ayi bambo, dikirani pang'ono.” Ndinatseka SharpCap, ndinazula chingwe ku laputopu, ndinadikira masekondi ochepa, ndinalowetsa m'bowo lomwelo la kumanzere, ndinaonetsetsa mu Device Manager kuti dzina labwerera popanda chikasu, kenako ndinatsegulanso pulogalamu. Dongosolo limeneli ndi lofunika, chifukwa ukazula ndi kulowetsa pulogalamu ikadali yotsegula, nthawi zambiri imaumirira kamera yomwe yachoka ndipo siiona yomwe yabwera. Chithunzi chinabwerera pasanathe mphindi ziwiri. Pomwepo ndinamanga chingwe ku thupi la telesikopu ndi mphira ya chubu cha njinga, n'kusiya kachigawo kolendewera pafupi ndi kamera, kuti munthu akachikoka mphamvu ithere pa mphirayo osati pa bowo. Kadamsana atatha tinatembenukira kwa Saturn, yemwe anali m'munsi mwa mwezi kum'mawa komweko, ndipo mphete zake zinaoneka ngati kamzere kopyapyala kodutsa pakati pake, chifukwa chaka cha 2025 zinali zitatipatsa m'mbali. Batire inatha tisanamujambule vidiyo yabwino.

Kuno kufupi ndi nyanja kuli zinthu ziwiri zomwe ndimasamala nazo pa mabowo a USB. Usiku ukakula chinyezi chimatera pa zitsulo, ndipo m'chilimwe fumbi limalowa paliponse, choncho ndikamaliza ndimapukuta mitu ya chingwe, ndimasiya kamera iume m'nyumba ndisanaivindikire, kenako ndimaisunga m'kabokosi kotseka bwino pamodzi ndi chingwe chake, chomwe sindibwereka munthu wa pulinta. Amene akuganiza zogula kamera yaikulu yokhala ndi choziziritsira sensa, yojambulira milalang'amba yakutali, adziwe kuti choziziritsiracho sichiyendera magetsi a USB. Chimafuna mavoliti 12 apadera, ndipo ndalama ya chaja kapena batire yake iyenera kuwerengeredwa pogula. Ineyo vuto lomwe landitsalira ndi la disiki, chifukwa mavidiyo a mwezi ojambulidwa pa sensa yonse amatayabe zithunzi, ndipo ndikusunga ndalama yogulira SSD, disiki yaliwiro yosazungulira, kuti ndiike m'malo mwa disiki yakaleyo nyengo ya mwera isanafikenso.